Msana wa Levison

"Ndiye mukhala bwanji nokha kuno, alamu, ndi mkono umodzi?" Bizwell anafunsanso, uku akutseka zipi ya chikwama chake.

Maso a Dorothy anali ku mapiri a Mafinga, kumene nkhungu inkatsika mwaulesi ngati ikuopa kudzutsa munthu. Linali tsiku lachinayi chiikireni m'manda mwamuna wake Levison, mphunzitsi wa ku Dedza amene anabwera ku Chisenga pantchito n'kuiwala njira yobwerera. Bizwell, mng'ono wa malemuyo, anali atagamula kale kuti nyumba itsekedwe ndipo Dorothy apite nawo ku Dedza. Towera, mwana wawo yekhayo, ankayenera kubwerera kusukulu ya unamwino. Dorothy sankafuna kuchoka.

Mkono wake wamanzere unafa ndi sitiroko zaka ziwiri zapitazo. A chipatala atanena za mafizo, masewera odzutsa mkonowo, iye anakanitsitsa kwamtuwagalu. "Ndine mwana ine woti muzindivinitsa?" Kuyambira pamenepo sanalole munthu kuukhudza.

Posakhalitsa Levison anayamba kudandaula msana. Anaika pafoni pulogalamu ya yoga, ndipo m'mawa uliwonse ankayala mphasa pakhonde. M'fonimo munali munthu wopanda khungu, minofu yake yofiira ili poyera, akuzungulira pang'onopang'ono ngati ali m'madzi. Akawerama, mnofu umene ukugwira ntchito unkawala, dzina lake n'kutulukira pambali. Levison ankamutsanzira, mutu pansi matako kumwamba, opita kumunda n'kumafa nalo phwete.

"Mwawuka uli, asambizgi? Mukusopa njani?" ankatero m'Chitumbuka, kufunsa mulungu wachilendo amene ankamugwadirayo.

Iye ankangoseka, kenako n'kuitana. "Amake Towera, tandikokani kuno, msanawu wagwiranso. Ayi, ndi manja onse. Limodzi silikwana."

Ankatenga dzanja lakufalo n'kuliika paphewa pake, iye n'kumadzuka pang'onopang'ono, mkonowo ukukwera naye. Dorothy ankang'ung'udza kuti nkhalamba zina n'zotopetsa, koma ankathandiza. Munthu wako akamadwala sumuwerengera.

Misala ina inali ya msomali wa kiyi pafelemu la chitseko. Mwezi sunkatha Levison asanauzule n'kuukhoma pamwamba pang'ono. Popeza dzanja lamanja linkagwira ndodo, Dorothy ankachita kulimbana ndi lamanzerelo kuti aufikire, mawu onse ali pakamwa.

"Foniyi nditenga ine," Bizwell anatero. "Towera, tafufutamo zidole za achimwenezi."

Towera anaitsegula. Munthu wopanda khungu uja anayamba kuzungulira monga mwa masiku onse, osadziwa kuti mnzake kulibe. Mtsikanayo anayendetsa chala, n'kuima. Anayendetsanso.

"Amayi, kodi bambo ankati akudwala chiyani?"

"Msana."

"Muno mulibe msana."

Anakhala pansi pafupi ndi mayi ake n'kuwaonetsa maphunziro amene bambo ake anasunga. Phewa. Chigongono. Zala. Onse anali a mkono wamanzere. Pansi pa phunziro lililonse panali timawu ta bambo ake, ndipo Towera anatiwerenga mokweza.

"Lero wafika pachifuwa panga. Osamuuza." Anatsitsa chala. "Wagwira kapu osazindikira. Ndinatuluka panja kuti asandione nkhope." Anatsitsanso chala. "Msomali ndaukweza zala ziwiri. Wandikalipira kwambiri. Mulungu alemekezeke."

Bizwell anavula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati.

Dorothy anamva ngati khonde likuyandama naye m'nkhungu muja. Zaka ziwiri zathunthu akuyesa kuti akudwazika mwamuna wake, chonsecho wodwazikidwa anali iyeyo. Anakwiya, anachita manyazi, ndipo anamusowa munthuyo koopsa.

"Wabodza uja," anatero chapansipansi. "Mphunzitsi wathunthu, bodza lotere."

Anadzuka ndi ndodo yake n'kupita pachitseko. Aka kanali koyamba kuziona bwino zibowo zimene msomali uja unkasiya pafelemu. Zinayambira m'munsi, pafupi ndi chiuno chake, n'kumakwera chimodzichimodzi mpaka kupitirira mutu.

"Dikirani ndikutengereni, alamu," Bizwell anatero.

"Khalani pomwepo."

Mkono unadzuka ukunjenjemera. Unadutsa chibowo choyamba, chachiwiri, chachisanu. Phewa linawawa pamalo pomwe pankawala pa munthu wa m'foni uja. Zala zinakhudza kiyi, zinaphonya, kenako zinamugwira.

"Alamu, muyende bwino," Dorothy anatero. "Mukapereke moni ku Dedza. Foniyo muisiye, ili ndi ntchito pano."

Bizwell anaisiya foni ija pampando.

Dorothy anali adakali chiimire, maso pafelemu. Pamwamba pa msomaliwo, zala ziwiri zokha, panali kamzere ka pensulo kamene Levison anasiya, kowongoka bwino ngati ka m'kope la mwana wa sukulu. Anakasisita ndi chala.

"Towera," anaitana osatembenuka, "tanditengera hamala ya bambo ako."