Mizere Itatu Yotsala

Akanangomusiya aseke mmene ankasekera, bwenzi atamaliza tsiku lomwelo. Koma iye, mwini filimu, amene anatha zaka ziwiri akujambula zithunzi m'kachipinda kopanda windo, anauza mlongo wake wamng'ono kuti kusekako n'kokakamiza, abwereze, abwerezenso, mpaka mwanayo anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Achemwali, mawa." Mawa lakelo anakamuona kumochale, galimoto itamuwomba ali pa njinga.

Filimuyo inali ya katuni, yoseketsa: ana anayi a kusekondale akuyambitsa bandi m'galaja, onse osadziwa kuimba. Mlongo wakeyo ndiye ankalankhula mawu a woimba ng'oma, kamnyamata ka makutu ngati zivundikiro za mapoto, kamene kamayamba nyimbo anzake asanakonzeke. Panatsala mizere itatu yokha, ndipo kwa miyezi isanu kakamwa ka katuniko kankangotseguka n'kutsekeka pa kompyuta popanda mawu.

Tsiku lina masana mkonzi wa mawu a filimuyo anabwera ndi munthu wodziwa kutsanzira mawu a anthu ena, bambo wandevu, waulemu, amene anayamba wapepesa maliro asanakhale pansi. Mwini filimuyo anangogwedeza mutu, mumtima akulakalaka kuti bamboyo alephere — inde, alephere, filimu ifere pomwepo, anzake onse amene anakhetsapo thukuta amunene, bola mawu aja akhale a munthu mmodzi yekha — kenaka manyazi anamugwira, pakuti si mwana yemwe uja ankauza aliyense, ndi wometa tsitsi yemwe, kuti posachedwa amumva pa kanema?

Bamboyo anamvetsera mawu a mwana uja kawiri, anakonza kukhosi, n'kusendera pa maikolofoni.

"Amene wabisa timitengo tanga, ndiimbira pamutu pake."

Mkonzi uja anaphulika nako kuseka, kenaka anadzigwira pakamwa.

Mwini filimu uja anapempha mkonziyo kuti aphatikize zonse, zakale ndi zatsopano, osamuuza polumikizira. Anatsinzina. Mwana ameneyu anamulera yekha mayi atamwalira, ankamudziwa ngakhale mapazi ake kuseri kwa chitseko, sakanasokonezeka, sakanatero ayi. Ng'oma zinalira, kamnyamata kanalalatira anzake, kanapepesa, kanalalatanso, ndipo pa mzere wina mtima wake unati uyu ndiye wanga, uyu, misozi n'kuyamba yokha.

Atatsegula maso anaona bambo wandevu uja akuyendetsa milomo mwakachetechete motsatira mawu a mzere womwewo, akumwetulira pang'ono ngati mmisiri amene wakhutira ndi ntchito yake.