Lumo la a Gerevazio

Ndinafika kwa Kaphuka Lachisanu m'mawa. Pa njinga yamoto, fumbi m'mano. Ndinkafuna kuona bambo, kusiya mankhwala, n'kubwerera ku Lilongwe tsiku lomwelo. Sindikhalitsa malo amodzi ine.

Bambo anga, a Gerevazio, anali pakhonde atafunda bulangete. Mphunzitsi wopuma. Chidwalireni sitiroko, dzanja lamanja silimvera. Ndevu zinali zitadzaza nkhope. Sindinawaonepo chotero.

"Mawa kukubwera bambo mfumu ndi Ukaristia," anatero Clotilda, mlongo wanga amene amawasamalira. "Koma eni akewa akuti salandira ali ndi ndevu ngati tonde. Akuti ndikawauze asabwere."

"Osangowameta bwanji?"

"Ndinagula kometera kapulasitiki kwa Mayani. Anakaponya m'munda wa mbatata. Akufuna lumo lawo."

Linali pansi pa sutikesi. Lumo lopinda, lachikale, chogwirira cha nyanga. Dzimbiri paliponse. Ndinalipukuta ndi phulusa ndi kansanza kamafuta. Linayamba kuwala. Ndinayang'ana nthawi. Inalipo.

Kuseri kwa khitchini kuli mwala wonolera zikwanje. Ndinagwada pamenepo. Ndinanola ngati mpeni wa nyama: msana m'mwamba, mphamvu zonse, kwe kwe kwe. Mphindi zisanu. Ndinayesa pamkono panga. Linangokanda.

"Achimwene, mukukamweta udzu?" Clotilda anaseka. "Kapena mukufuna bambo mfumu adzapezeretu maliro?"

Bambo analitenga ndi dzanja lamanzere, n'kuliyang'ana padzuwa. Kukamwa kwa lumolo kunali mano ngati sowo.

"Zaka makumi anayi," anatero movutikira. "Iwe mphindi zisanu."

Foni inalira. Wa njinga yamoto uja, kufunsa ngati abwere. Ndinadula.

"Katenge sileti," anatero bambo.

Sileti yakusukulu, yakale, felemu itathyoka. Ndinaiika pa mpando.

"Thira madzi. Ligoneke. Lonse, ndi msana womwe. Osakanikiza."

"Kangati?"

"Uziwerenga iwe?"

Kutsogolo. Kutembenuzira pamsana. Kubwerera. Madzi anasanduka otuwa ngati phulusa. Mwendo wanga unayamba kugwedezeka wokha. Ndikafulumira pang'ono, bambo ankagogoda ndodo pansi. Ola limodzi. Awiri. Mphepo ya ku Chongoni inandiumitsa zala. Mano aja ankachepa, koma pang'onopang'ono mokwiyitsa.

"Tsopano lamba."

Ndinayamba kuvula wanga.

"Wakaunjika ameneyo?" anatero Clotilda. "Ndi pulasitiki, achimwene. Dikirani."

Anabweretsa wachikopa wa bambo. Tinaumangirira pa mzati wa khonde. Apa lumo limayenda chambuyo, msana patsogolo. Ndinalakwitsa kamodzi, n'kutema lambayo. Ndodo inagogoda kawiri.

Ndinayesanso pamkono. Ubweya unangogwa wokha, osamva kanthu.

Dzuwa linali litapendeka. Za ku Lilongwe zinali zitatha. Clotilda anabweretsa madzi ofunda ndi sopo. Ndinapaka thovu. Bambo anatukula chibwano, n'kutseka maso. Khosi lawo linali lowonda, mtsempha ukugunda.

Tsaya loyamba linayera bwino. Lachiwiri, lofooka ndi sitiroko, ndinachita kulikoka ndi chala. Pansi pa chibwano ndinawacheka. Kadontho kofiira m'thovu.

"Pepani, bambo."

"Pitiriza."

Nditamaliza, Clotilda anawagwirira kalilole. Anadziyang'ana nthawi yaitali, uku ndi uku.

"Pansi pa mphuno wasiya," anatero. Kenaka anatembenuka. "Clotilda, chapa nsalu yoyera ya patebulo. Upezenso kandulo. Bambo mfumu abwere mawa."