Chatsala ndi Fonte

A Jacinto sankachimvetsa chimene mwana wawo Nércia ankamanga pameza. Chibokosi chachitsulo chopanda mbali imodzi, m'kati tizingwe tapiringizana ngati matumbo a nkhuku. Zonse zinali zotolatola: china anazula m'komputadoro yakufa ya mphunzitsi wina, china anasinthitsa ndi nyemba kumsika wa Ulongwe. Chigamba pachigamba.

"Ndi komputadoro ya majogo, Ababa," anatero Nércia. "Anyamata azidzasewera mpira pagalasi n'kumalipira."

"Mpira wopanda bwalo?"

"Eee. Ichi chobiriwirachi ndi plaka-mayi."

"Mayi wa yani?"

"Wa zonsezi."

"Nanga bambo wake ali kuti?"

Nércia anaseka mpaka misozi, ndipo a Jacinto analeka kufunsa. Koma chimodzi ankachimva bwinobwino: chinthucho chikakana kuyaka, mwanayo akwera shapa, minibasi ya ku Tete, komwe azakhali ake amupezera ntchito yolera ana a eni. Akulu ake onse anapita choncho, amayi ake ali kumanda. A Jacinto ankaopa kutsala okha m'nyumbamo, ngakhale pakamwa sankanena.

M'mawa wina Nércia anavala nsapato mothamanga.

"Zonse zakwana, chatsala ndi fonte. Koma ikhale fonte boa, apo ayi zonsezi zipsa. Sindikudziwa ngati ndikaipeza."

Anatuluka. A Jacinto anatsala akulingalira mawu aja. Kenaka mutu unatseguka. Fonte Boa! Si kumishoni kumene anabatizidwa, kumene anaphunzira kulemba dzina lawo? Ndipo ansembe ankanena kuti pa Chipwitikizi fonte ndi kasupe, boa ndi wabwino. Nanga chinthu choopa kupsa chimafunanji, ngati si madzi? Kwa nthawi yoyamba nkhani ya makinawa inali ndi mutu ndi mchira. Mwana wa masiku ano, kukasaka kumsika zinthu zimene bambo ake akudziwa kumene zili!

Anapalasa njinga mpaka thukuta kamukamu. Pabwalo la tchalitchi anapeza a Narciso, mnzawo wa paubwana, akusesa.

"Makina akumwa madzi?" anadabwa a Narciso.

"Galimoto simwa?"

"Imamwa. Koma a kuno okha?"

"Wanena yekha mwiniwake. Ndiye anapita kushikola."

A Narciso anakanda kumutu, nawatungira m'botolo pampopi. Onse awiri sankamvetsa, koma awiri akasokonezeka pamodzi amayesa ndi nzeru.

Kunyumba Nércia anali asanabwere. A Jacinto anazungulira chibokosi kufuna pothirira, osapapeza. Ndiye anathyola kanthambi panja, nakaviika m'botolo, n'kuwaza monga amachitira ansembe. Anayamba pang'ono. Kenaka anaganiza kuti mayi uja ali ndi ana ambiri, nawonjezera.

Nércia analowa atanyamula kabokosi kena kachitsulo, tizingwe tili lendelende.

"Ababa, ndaipeza fonte! Ndi yakale koma ndi yabwino. Ndiyo imagawa magetsi m'kati monsemu."

"Fonte ndi imeneyo?"

"Eee."

A Jacinto anayang'ana kabokosiko, nayang'ana botolo lili m'manja mwawo. Nércia anatsata maso awo mpaka pameza. Madzi anali kudontha pansi, do, do.

"Ndinapita ku Fonte Boa," anatero ndi mawu aang'ono. "Unati zipsa."

Akanakalipa bwenzi zili bwino. Koma mwanayo anangoona fumbi la m'miyendo mwawo, osadziwika ngati aseka kapena alira. Anamasula plaka ija mwakachetechete, naipukuta ndi chitenje, nakaiyanika pamphasa pakhomo.

"Iuma, mwanawe?"

"Kuuma iuma."

"Iyaka?"

"Kaya, Ababa. Zina zimayaka, zina ayi. Ina sindingaipezenso."

Analowa m'nyumba. A Jacinto anamva chitseko cha kuchipinda chikutsekeka. Anakoka kampando, nakhala pambali pa mphasa ndi kandodo koingitsira nkhuku.

Chakumasana mitambo inayamba kuda kumapiri a ku Lifidzi. Chimanga cha mudzi wonse chinali chitapota masamba ndi dzuwa, chawonso chomwe. Mayi wa nyumba yoyandikana anatuluka kudzaika ndowa pansi pa malata, nkhope ili mwee.

"Lero yokha mvula ibwera, a Jacinto. Mulungu watimva."

A Jacinto anaponya maso pa plaka yoyanikidwa pamphasa ija. Anayang'ana kumwamba, navula chipewa, n'kuyamba kupempha chamumtima kuti isagwe.