Rubi wa Mayi a Lighton

Chaka chomwe migodi ya kopa idagulitsidwa, Lighton adali m'gulu la oyamba kuchotsedwa ntchito. Kunyumba kudali mayi ake, a Dainess, atatheratu ndi chifuwa, ndipo nyimbo yawo idali imodzi: akafere kwawo ku Ntcheu. Koma yokwerera basi ikadachokera kuti?

Tsiku lina mayiwo adamasula kansanza n'kutulutsa kamwala kofiira, kukula ngati nyemba, komwe malemu amuna awo adatola kumapiri a kwawoko.

"Kagulitse, mwanawe, tizipita."

Lighton adapita nako kumsika wa Chisokone kwa Jairus, wogula miyala yamtengo wapatali. Jairus adakaunika padzuwa atakwinya nkhope.

"Ba Lighton, miyala yofiira ni yambiri, ganeti nayo ni yofiira. Rubi ni mtundu wa kolandamu, imafiira na kiromiyamu. Kulimba iposedwa chabe na dayamondi. Siyani, nikapimitse ku Ndola mailo."

Kusiya mpaka mawa? Lighton adamvapo za anthu osiya mwala n'kukabwezeredwa phale la botolo. Komanso iye adakalambira pansi panthaka akuswa thanthwe, ndipo mwala wolimba ankaudziwira kuhamala, osati kumaso. Munthu wa mumgodi, abale, simungamuuze za miyala!

"Ngati ni kulimba, tizaona pamene apa."

Adabwereka hamala kwa wosoka nsapato wa pambali, n'kuika kamwalako pachitsulo chokhomerapo. Jairus adakuwa kuti, "Awe, lekeni!" koma dzanja lidali litatsika kale. Phwa!

Jairus adatola kachibenthu kamodzi n'kukanda nako mwala wolimba wa topazi womwe ankayesera katundu. Padatsala mzere wooneka bwinobwino.

"Inali rubi, mudala. Kulimba kwake ni kwakuti siikandika, osati kuti siisweka. Manje izi nyenyeswa azagula ndani?"

Lighton adamva chisoni chomwe sadachimve ngakhale tsiku lomwe adamuchotsa ntchito. Adabwerera kunyumba kukomboni ya Luangwa wapansi, akuzengereza pamphambano iliyonse.

Adapeza mayi ake pakhonde, atasamba, atavala bulauzi yoyera ya Mvano, kachikwama kali pamiyendo. Maso awo ankawala ngati a mwana.

"Wabwera! Anzanga a kutchalitchi ndatsanzikana nawo kale. Mapoto ndi bedi ndagawa, nanga ndizisiyira yani? Ndiye ndiuze, basi ndi ya mawa?"

Lighton adasuzumira m'chipinda cha mayi ake, n'kuona mulibe ngakhale mkeka woti agonepo.