Dzina la Eni Ake

Komatu dzinalo anasankha yekha, palibe anamukakamiza — Esnath ankangobwereza mawu amenewa mumtima, maso ali pa kompyuta ya koleji, chiperoni chikutsika m'phiri la Zomba. Buku la Java, chinenero chimene iye analembera pulogalamu ya pa kompyutayo, linachenjeza poyera kuti chinenerocho chili ndi zigawo za pulogalamu zotchedwa makalasi, makalasi akeake, iliyonse ndi mfunda wake, ndipo ukapatsa kalasi yako dzina la eni ake uzilitchula lonse, ndi mfunda womwe. Iye, ndi phuma lake lija, kalasi yosunga masiku obadwa a antchito anangoitcha Date, basi, ngati mwana wopanda kwawo.

Date yakeyo inali yachifundo: achikulire ambiri amangodziwa chaka chobadwa, ndiye pa mwezi ndi tsiku ankaika ziro. Koma pa fayilo yosindikiza mayina a opuma ntchito mu 1998, pamwamba penipeni, panali mzere umene anakopera m'buku osauganizira, woitana java.util.Date, Date ya eni ake, m'malo mwa yake ija, ndipo Date ya eni akeyo sidziwa za anthu obadwira kumudzi. Ikaona ziro imabwerera m'mbuyo tsiku limodzi, n'kugwera pa 31 Disembala chaka cham'mbuyo. Tsiku limodzi lokha, koma a Jeremiya, mlonda amene anamunyamulira sutikesi pamene anafika ku Domasi asakudziwa munthu, anakula ndi chaka chathunthu, ntchito yawathera, ndipo kalata inapita kale kulikulu Lolemba, a bwana atasainira.

Anene? A bwana aja, amene ankaikana kompyutayo kuyambira pachiyambi n'kumati mafayilo a m'kabati sananamizepo munthu, adzaitsekera m'sitolo, iye n'kubwerera kotayipa makalata, mwinanso n'kuchotsedweratu. Akakhala chete adzadziwa ndani, poti ngakhale a Jeremiya eni ake sadziwa tsiku limene anabadwa? Manyazi anamugwira poona kuti ganizo limeneli lamukomera.

Wina anagogoda. Anali a Jeremiya, chipewa kumanja, kathumba ka mpunga kukhwapa.

"Mayi, akuti ndakalamba. Ndabwera kudzatsanzika."

"Bambo, khalani kaye pansi, pali..."

"Musadandaule mwanangu, makina sanama. Landirani, ndi wa m'munda mwanga."

Anaika kathumbako patebulo n'kuima chilili, akumwetulira, kudikira kuti amalize zimene amafuna kunena. Esnath anayang'ana mzere uja pa kompyuta, ndipo fungo la mpunga watsopano linadzaza ofesi yonse.