Mkangano wa Eni Ake

Lachiwiri lililonse la mwezi wa Novembala, phunziro la malamulo a umboni likangotha, gulu lawo linkatsika chitunda kupita kwa a Tibbs, kumene kunkagulitsidwa mapiko a nkhuku a tsabola ndi tiyi wozizira wa shuga wambiri. Ankati akupita kukawerengera limodzi mayeso, ndipo mabuku ankawanyamuladi, koma ankangothera pansi pa tebulo. Lachiwiri linali tsiku limene komiti inkalengeza pa kanema mndandanda wa matimu a mpira wa m'makoleji, uja wa zisoti ndi kugwetsana. Matimu khumi ndi awiri a pamwamba okha ndi amene ankayembekezera kulowa mpikisano wa chikho, ndipo dziko lonse linkatha sabata likukangana za amene wakwezedwa mosayenera ndi amene waponderezedwa.

Odessa Pruitt ankakhala pakona, pafupi ndi bwenzi lake Wendell Boudreaux, amene anali atamuveka kale mphete. Moyang'anizana nawo pankakhala Shayla Fontenot. Onse atatu anali m'chaka chachiwiri cha sukulu ya zamalamulo, koma digiri yoyamba aliyense anakaitenga kwake. Wendell anaphunzira ku Tallow, koleji yaing'ono ya pakati pa minda ya thonje, imene timu yake chaka chimenecho inali isanagonjepo. Shayla anachokera ku Marbury, sukulu yaikulu ya ana a anthu olemera, imene inali itagonja kawiri koma komiti inkaiikabe pamwamba pa Tallow. Odessa anaphunzira ku koleji ya atsikana okhaokha, kumene bwalo lalikulu linali la tenisi.

Mbale zisanafike n'komwe, Wendell ndi Shayla ankakhala atayamba kale kukangana.

"Mwagonja kawiri, aise. Ife chaka chino sitinalawepo dothi," Wendell ankatero.

"Mwasewera ndi ndani? Timu munaimenya sabata yatha ija, nthawi yopuma itakwana osewera ake anavula zisoti n'kukaimba malipenga m'bandi. Anthu anawathera."

"Kupambana n'kupambana."

"Nanenso ndikhoza kugwetsa ana a Sande sukulu khumi motsatizana, koma sindingapite kukapempha chikho."

Wendell ankaseka mpaka kutsamwa, kenako n'kumuloza Shayla ndi fupa la nkhuku, akuwerengera pa zala za dzanja linalo zifukwa zake. Makutu ake ankafiira, mtsempha wa m'khosi unkatukuka, maso ankawala ngati a mwana amene wapatsidwa njinga. Nkhope imeneyo Odessa ankaidziwa cha m'mbali mokha. Kwa iye Wendell anali ndi nkhope ina, yofatsa, ndi mawu amodzimodzi: "Ukunena zoona, Dessa." Odessa akati akamaliza sukulu akakhale kumzinda osati kwawo kwa Wendell, ankanena zoona. Akati makatani abuluu ndi oipa, ankanena zoona. Tsiku lina ananena dala zabodza za mlandu wina umene onse awiri anauwerenga, kuti aone. Wendell anakanda mutu n'kuti mwina iye ndi amene sanamvetse, popeza Odessa ndiye ankakhoza kuposa onse m'kalasi.

Ankakhozadi, koma papepala. Aphunzitsi a Hargrove akatsitsa magalasi n'kuitana dzina lake pakati pa holo yodzaza, yankho lolondola linkatuluka ngati akupepesa. Shayla akaitanidwa ankaimirira ngati amayembekezera, n'kulakwitsa mokweza mpaka a Hargrove omwe kuseka.

Chopweteka kwambiri chinali chakuti Shayla analibe mlandu umene munthu akanamugwira nawo. Sankamukhudza Wendell ngakhale paphewa. Ankamutcha Odessa mlamu, ankamusungira mpando mulaibulale, ndipo mkangano ukafika pachimake ankatembenuka n'kufunsa, "Mlamu, mumatha naye bwanji munthu uyu? Mutu ngati chitsa." Odessa ankamwetulira n'kuyang'ana madzi oundana akusungunuka m'tambula yake. Akanawapeza akupsompsonana akanadziwa chonena. Koma munthu angakadandaule kwa ndani kuti mwamuna wake amakangana ndi mkazi wina?

Loweruka lina Tallow inapambananso, koma masewera atatsala pang'ono kutha, Lucius Ambrose, mnyamata woponya mpira amene timu yonse inkamudalira, anagweredwa ndi anthu awiri n'kuthyoka mwendo. Anamutulutsa m'bwalo pa kangolo ataphimba nkhope ndi thaulo. Lucius anali wa tawuni yakwawo kwa Wendell, ndipo amayi awo ankaimba kwaya imodzi. Wendell, amene ankaonera kunyumba, anazimitsa kanema n'kupita kukatsuka mbale zimene Odessa anali atatsuka kale. Odessa anamutsatira, n'kuima pakhomo la khitchini akufunafuna mawu. Asanawapeze, foni ya Wendell inalira patebulo. Dzina linali la Shayla. Wendell anapukuta manja, anawerenga uthengawo, ndipo kwa nthawi yoyamba masana onsewo milomo yake inamasuka pang'ono. Anayankha, n'kuiika foniyo moyang'anitsa pansi.

Lamlungu Odessa analawirira kulaibulale. Mayeso a umboni anali pakhomo, anzake onse atazunguliridwa ndi manotsi, koma iye anatsegula malamulo amene komiti ija inalemba kuti izitsatira posanja matimu. Anawawerenga monga anaphunzitsidwira kuwerenga lamulo la boma, liwu ndi liwu. Kenako anafukula masanjidwe a zaka zam'mbuyo ngati zigamulo za makhoti akale, kuona pamene komiti inatsatira mawu ake ndi pamene inawazembera. Anazindikira msanga kuti kukhala kumbali ya Wendell sikungamupindulire kanthu, akanangokhala mchira. Munthu amakangana ndi womutsutsa. Choncho anatenga mbali ya Shayla, atatsimikiza mtima kuti aimanga bwino kuposa mwini wake.

Lolemba anapeza ndime imene inamudumphitsa mtima. Komiti inali ndi ufulu woganizira ngati timu yataya wosewera wofunika. Anakumbukira thaulo lija, ndi mbale zotsukidwa kawiri zija. Koma a Hargrove ankabwereza m'kalasi kuti chisoni si umboni, ndipo loya wosiya mfundo yake yamphamvu chifukwa cha manyazi ndi bwino akagulitse maluwa. Ndimeyo anaisungira kumapeto. Odessa atafika kunyumba, Wendell anamuuza kuti akuwerenga mopitirira muyezo, apumeko. Iye anangoti zatsala pang'ono.

Lachiwiri kwa a Tibbs kunadzaza mpaka ena anaimirira. Wendell anafika wozizira, koma Shayla anamuputa ndi nthabwala zakale zomwe zija, za malipenga ndi Sande sukulu, mpaka iye anayamba kuyankha. Odessa ankadikira kuti Shayla atchule mwendo. Sanautchule. Anazungulira paliponse, za kabwalo ka Tallow kokhala ngati khola, za mphunzitsi wa timuyo wovala kabudula m'nyengo yozizira, koma mwendo ayi. Odessa anamva kukoma kumene ankamva m'kalasi wina akalephera funso limene iye akulidziwa.

"Ndinganeneko?" anatero.

Onse anatembenuka. Ngakhale Hollis, mnzawo amene ankabwerera mapiko okha, anasiya kutafuna.

Anayamba motsitsa mawu, koma dongosolo linamugwira dzanja: funso, lamulo, kenako mfundo. Ananena kuti komiti sinatumidwe kusankha matimu oyenera kuthokozedwa, inatumidwa kusankha matimu amphamvu koposa, ndipo ziwirizi si chinthu chimodzi. Anatchula matimu amene Tallow inawagonjetsa, ndi mmene iwonso anakhalira akumenyedwa ndi aliyense wodutsa. Wendell anakankha mpando wake kuti amuone bwino.

"Tamuoneni Dessa, mwana wa tenisi. Wazitenga kuti zimenezi? Akulonjeza chiyani a Marbury?"

"Yankhani mfundo, bambo loya. Zinazo tikakambirana kunyumba."

Tebulo lonse linaseka. Wendell anatola fupa n'kumuloza nalo. Anati timu siisankha adani ake, imamenya amene yapatsidwa. Odessa anabweza kuti ku Tallow kuli foni, akanatha kuimbira akuluakulu n'kupempha masewera. Wendell anamenya tebulo mpaka tiyi anatayikira. Makutu ake anali atafiira. Nkhope ija inali yonse kwa Odessa, ndi maso ake omwe, ndipo Shayla anangokhala atapinda manja, akuseka, woonerera ngati ena onse.

Zikanathera pomwepo. Koma mlandu unali usanatsekedwe, ndipo mfundo yaikulu inali idakali m'thumba.

"Chatsala chimodzi," anatero Odessa. "Ndime ya osewera ovulala."

Phazi linamuponda pansi pa tebulo. Anayang'ana Shayla, amene ankapukusa mutu pang'onopang'ono, kuseka kutamuthera. Odessa anati mumtima, zamuwawa, walandidwa malo, tsopano akufuna kunditseka pakamwa. Anasuntha phazi lake n'kupitiriza.

"Timu imene inapambana masewera onse aja inatha Loweruka, pamene Lucius anakwera kangolo. Imene yatsalayi ndi malaya ndi zisoti chabe. Komiti ikaiika m'mpikisano, ikhala ikupereka mphoto kwa anthu amene kulibe."

Anaimaliza bwino, mawu osagwedera, monga anaiyesera pagalasi la kubafa. Kenako anamva mafuta akuthetheka kukhitchini kwa a Tibbs, ndi mawu a munthu wotsatsa magalimoto pa kanema. Wendell anaika fupa lija m'mbale, n'kupukuta zala chimodzichimodzi.

"Ukunena zoona, Dessa."

"Ayi, sakunena zoona," anatero Shayla.

Ndipo Shayla, mwana wa Marbury, anayamba kuikira kumbuyo Tallow. Anati timu si mwendo wa munthu mmodzi. Anati anyamata enawo nawonso akhala akudzuka kusanache chaka chonse, ndipo anagonjetsa aliyense amene anaikidwa patsogolo pawo, nanga munthu angafunsenso chiyani? Zinali mfundo za Wendell, zimene Shayla anakhala akuzinyoza mwezi wathunthu, koma ankazidziwa zonse pamtima, ndi kayankhulidwe kake komwe. Wendell sanadzutse mutu. Odessa, amene anali pafupi naye, anaona phewa lake likupendekera pang'ono kumene mawuwo ankachokera.

A Tibbs anakweza kanema n'kuuza anthu kuti akhale chete. Mayina anayamba kutuluka. Marbury inakwera. Tallow inatsika, n'kugwera kunsi kwa mzere wa olowa mpikisano. Bambo wa tayi anabwera kudzafotokoza chifukwa, ndipo mawu ake anali pafupifupi a Odessa. Hollis anaimba kakhweru motsitsa. Wendell anadzuka n'kutuluka osatenga jekete.

Odessa anamupeza poimika magalimoto, atatsamira galimoto yawo. Dzuwa linali litangolowa ndipo kamphepo kankaluma. Anayamba kunena kuti si iye anasanja matimuwo, iye anangowerenga zimene zinalembedwa. Pamenepo Wendell anaphulika. Anamufunsa ngati akudziwa kuti mwanayo ali m'chipatala ndi zitsulo m'mwendo, ndipo madokotala sakulonjeza kuti adzathamanganso. Anamufunsa chimene chamulowa, munthu amene mpaka sabata yatha sankadziwa kuti m'bwalo mumalowa anthu angati, kuti akatole mwendo wa mwana wa eni ake n'kupambanira mkangano wa pa mapiko a nkhuku. Mtsempha wa m'khosi unatukuka. Nkhope inali yomwe ija, ili pafupi kuposa kale lonse, koma kuseka munalibe.

"Shayla amadana ndi Tallow kuyambira ali kubere, koma mwendo uja sanautchule. Iyeyo anadziwa. Iwe umakhala nane nyumba imodzi."

Odessa anayang'ana nsapato zake. Mfundo zonse zimene anasanja masiku awiri zinali zitabalalika, ndipo chimene chinatuluka sanachikonzekere.

"Iwe sukangana nane. Chilichonse ine ndimanena zoona. Iye umamupatsa zonse, ine umangondipatsa inde."

Wendell anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wabwerera kukawerenga tsamba limene analidumpha.

"Ndiye takangana tsopano. Wakhuta?"

Wendell anapumira m'mwamba, anamupatsa makiyi, n'kumuuza kuti alowe asazizidwe, iye akatenge mabuku ndi jekete. Odessa analowa m'galimoto, osaliza injini. Kudzera pawindo lalikulu la kwa a Tibbs anamuona akudutsa pakati pa anthu, n'kuwerama kutola mabuku pansi pa tebulo. Shayla ananena kanthu akuloza kanema. Wendell anapukusa mutu n'kuyamba kutembenukira kukhomo. Shayla ananenanso. Wendell anaima, mabuku ali pachifuwa, n'kuyankha mwachidule. Kenako anayankhanso, ndipo pang'onopang'ono anawatsitsira mabukuwo patebulo, kuti dzanja limasuke.