Keke ya Akazi Awiri

Dorthe ndi Jette anabadwira m'chipatala chimodzi, m'nyengo imodzi yachisanu, koma Dorthe anatulukira Khirisimasi isanafike pamene Jette anadikira Chaka Chatsopano chidutse kaye. Kwa moyo wawo wonse palibe anaonapo kuti nkhaniyi ili ndi kanthu. Kenako boma linakweza zaka zopumira pantchito, mzere n'kudulidwa pa Chaka Chatsopano penipeni. Dorthe akanatha kuyamba kulandira penshoni Disembala uno atakwanitsa zaka 67. Jette anayenera kufika 68.

"Mayi ako anali aulesi basi," ankatero Dorthe. "Akanalimbikira pang'ono bwenzi tikupumira limodzi."

"Ankafuna adye kaye bakha wa Khirisimasi," Jette ankayankha. "Ako aja anachita phuma chifukwa cha mutu wako waukuluwo."

Awiriwa ankagwira ntchito ya khonsolo, yosamalira okalamba m'makomo mwawo, m'tauni yamphepo ya m'mbali mwa nyanja, kumadzulo kwa chigawo cha Jutland. Ankayenda pa kagalimoto koyera, kudzutsa anthu, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala. Nyumba zina wantchito amalowa yekha, koma kwa munthu amene miyendo inamukana pamafunika awiri, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri, awiriwo anali iwowa. Anapangana kalekale kuti adzasiya ntchito tsiku limodzi, ndipo patebulo la ku ofesi padzakhala keke ija ya ana, youmbidwa ngati munthu, ya tsitsi la maswiti, imene amaidula khosi onse n'kukuwa. Yawo inayenera kukhala ya akazi awiri ogwirana manja.

Pofika Novembala, Dorthe anali atauza aliyense kuti awonjezera chaka. Chifukwa chake chinali chomveka: ukachedwa kuitenga, penshoni imakwererako. Mwamuna wake Keld, amene anasiya kuyendetsa basi zaka zisanu zapitazo, anamvetsera ali chiimire pafupi ndi kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto kamene ankakatsuka Loweruka lililonse ngakhale sikanapite kulikonse.

"Ikwera ndi zingati?" anafunsa.

"Ikwera ndithu."

"Mtima wangawu anausoka kale kamodzi, Dorthe. Dokotala sananene kuti udikira penshoni yako ikwere. Unati chisanu chino tikachithawira ku Portugal."

"Portugal sathawa."

Keld anapitiriza kupukuta zenera loyera kale.

Chifukwa chenicheni chinali phewa la Jette, lakumanja. Linayamba m'chilimwe. Jette sananene kanthu, ndipo Dorthe sanafunse. Anthu akuno sadandaula. Munthu ataduka mwendo ukamufunsa amati zikanatha kuipa kuposa apa. Dorthe anangoyamba kuima mbali yolemera pabedi lililonse. Ndiye ankakoka masokosi olimba aja a anthu otupa miyendo, ndiye ankatembenuza odwala, ndiye ankanyamula chikwama. Jette ankayendetsa galimoto ndi kucheza ndi okalamba. Dorthe anawerengera kuti akachoka, Jette amuphatikiza ndi kamtsikana kongoyamba kumene, ndipo sabata siitha zisanaululike. Jette ankakhala yekha, mwamuna anamusiya kalekale. Kungosiya ntchito popanda penshoni sakanatha.

Lachiwiri lina m'mawa, kukanali mdima monga zimakhalira mwezi umenewu, analowa m'nyumba ya a Ejnar. Bamboyu anali ndi zaka 92, thupi lalikulu ngati khomo la galaja. Kale ankawotcherera zitsulo kopangira zombo, ndipo anapuma ali ndi zaka 60, nthawi ija boma linkachita kunyengerera akuluakulu kuti achoke, achinyamata apeze malo.

"Afika agogo anga awiri," anatero a Ejnar ali pabedi. "Kodi kukhonsoloko atsikana anatha?"

"Anathawa mapazi anuwa," anatero Jette. "Kwezani dzanja."

"Ine pa msinkhu wanuwo ndinali nditatopa nako kupumako. Kuwedza ndinawedza, Spain ndinapita kasanu. Inu mukanali kupukuta matako a anthu."

"Ndipo ndife tikukulipirirani mpaka lero."

"Pitirizani, ana anga. Sindikufulumira ayi."

Anawadzutsa ndi makina onyamulira a kudenga, n'kuwakankha pa njinga yawo ya odwala mpaka kubafa. Kumeneko makina kunalibe. A Ejnar ankaimirira okha kanthawi kochepa atagwira chitsulo cha pakhoma, wina atawachirikiza m'khwapa, wina akuwakweza buluku. Masiku onse wochirikiza anali Dorthe. Tsikulo sokosi linapindika pachidendene, Dorthe anawerama kuti alikonze, ndipo Jette analowa m'malo mwake osaganiza, monga ankachitira zaka zonse zija.

Mawondo a mkuluyo anagwedera. Dorthe anaona ndi maso ake dzanja la Jette likugwira, kenako n'kungogwa ngati chingwe chonyowa. A Ejnar anatsetsereka ndi khoma mpaka pansi, chigongono n'kukhula chitsulo. Khungu la munthu wokalamba ndi pepala. Magazi anayenderera pa matailosi.

Fupa silinathyoke. Anawamanga bala, anaitana anzawo awiri kudzathandiza kuwadzutsa. Podikira, a Ejnar anakhala pansipo atafunda thaulo, akuyang'ana Jette amene nkhope inali itatuwa.

"Khonsolo imanditumizira manja anayi," anatero, "koma chiyambire chilimwe ndikunyamulidwa ndi atatu. Kuwerenga ndimatha."

"Musalankhule, mutopa," anatero Jette.

"Sindiuza munthu, sindine wamiseche. Koma ine ndikufuna kufera pabedi langa, osati pafupi ndi chimbudzi."

Masana anaimika galimoto padoko monga mwa nthawi zonse, n'kutulutsa buledi wawo wakuda. Mphepo inkagwedeza kagalimotoko. Kugwa kwa munthu sikubisika. Madzulo anayenera kukafotokoza kwa Ulla, wowayang'anira.

"Ukanene kuti pansi panali ponyowa," anatero Jette.

"Panali pouma."

"Ndiye bwerera ukanyowetse."

Dorthe sanaseke. Anatafuna buledi wake mpaka kumeza.

"Pali penshoni ija ya anthu amene thupi latha zaka zisanakwane," anatero. "Ukapita kwa dokotala, Ulla n'kuchitira umboni..."

"Ndikaime pamaso pa kamwana ka mu ofesi, kazindifunsa ngati ndimatha kupesa tsitsi ndekha?"

"Nanga umatha?"

Jette anayang'ana kunyanja. Tsitsi lake lalitali lija, limene ankalimanga pamwamba chiyambire ali mtsikana, analidula mu Julayi, pakati pa chilimwe chakuno, akuti chifukwa cha kutentha. Julayi wa chaka chimenecho anthu ankayenda atavala majuzi.

"Bambo anga anatsika komaliza m'boti lawo la nsomba ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri," anatero Jette. "Sanapemphepo kanthu kwa munthu."

"Ndipo chaka chotsatira tinawaika m'manda. Ndinalipo."

"Chaka chimodzi chokha, Dorthe. Unalonjeza."

"Ndinalonjeza keke. Sindinalonjeze kugwetsa anthu."

Jette anatembenuka thupi lonse, poti khosi lokha silinkatheka.

"Usandinamizire ine, mayi iwe. Ukuyesa sindikudziwa? Ukuopa kalavani ija. Ukuopa kudzuka m'mawa ulibe kopita, iwe ndi Keld kuyang'anizana ngati ng'ombe ziwiri m'khola, iye akukufotokozera za matayala. Phewa langa lakuthandiza iwe kuposa ine."

Mnzako wa zaka makumi awiri amadziwa pobaya. Zinali zoona ndithu, mwina theka lake. Tsiku lililonse Dorthe ankalowa m'nyumba za anthu amene anapuma msanga, ndipo anawaona mapeto awo: ena anadyerera zaka makumi atatu ngati a Ejnar, ena anangokhala pampando pafupi ndi zenera n'kuyamba kufota mwezi womwewo. Anaonanso amene anadikira kuti penshoni ikwere, n'kudzailandira ali pabedi, ikuthera matewera. Palibe ankadziwa kuti iyeyo adzakhala m'gulu liti. Boma linangojambula mzere umodzi wa anthu onse, ngati kuti mapewa onse amatha tsiku limodzi.

Koma panali chinthu china chimene anachiona bwino kwa nthawi yoyamba, atakhala m'galimotomo. Miyezi yonseyi ankadziyesa mzati wochirikiza mnzake. Chikhalirecho, iye ndiye anali chinsalu chobisa bala. Akanapanda kuima mbali yolemera, Jette bwenzi atapita kwa dokotala mu Ogasiti, phewa lisanafike pamenepa. Akakhala chaka china, Jette adzafika pa 68 dzanja litaferatu, ndipo tsiku lina munthu wogwayo sadzadzukanso kuti achite nthabwala.

"Ndikupuma Disembala," anatero. "Ndipo kwa Ulla ndikanena zimene ndinaona. Ndafuna uyambe kumva ndiwe."

"Ukatero usadzapondenso pakhomo panga."

"Chabwino. Liza galimoto, mayi Thomsen akudikira mankhwala."

Madzulo anakanena. Sanawonjezere, sanachotsere. Ulla anamvetsera, kenako anafunsa kuti zinayamba liti, ndipo Dorthe anayankha kuti m'chilimwe. Mawa lake Jette anachotsedwa pa nyumba zonyamula anthu, n'kupatsidwa zogawa mankhwala, ayende yekha. Dorthe anaphatikizidwa ndi mtsikana wa ndolo pamphuno, wamphamvu ngati hatchi, amene a Ejnar anamukonda tsiku loyamba lomwe.

Jette anasunga mawu ake. Akakumana pakhomo la ofesi ankalonjera khoma. Khirisimasi ikuyandikira, Dorthe anapita kubekale kukaitanitsa keke.

"Ija munkanena ya akazi awiri?" anafunsa mayi wogulitsa, amene nkhaniyi anaimva kwa zaka zambiri.

"Mmodzi."

"Winayo wamwalira?"

"Ayi, wakwiya."

"Aa, bola," anatero mayiyo. "Tsitsi la mtundu wanji?"

Tsiku lotsanzikana, patebulo la ku ofesi anaikapo timbendera tofiira, khofi ndi mabanzi. Mkazi wa keke anagona pakati yekhayekha, manja atatambasula, kumbali kwake kutatsala malo pathireyi. Ulla analankhula mawu ochepa. Anzake anamupatsa Dorthe mpando wopinda, woti azikakhalira kunja kwa kalavani. Keld anabwera atavala malaya atsopano, nkhope ikuwala ngati ndiye akupuma kachiwiri. Jette anakhala kumapeto kwa tebulo, jekete osavula.

Itakwana nthawi yodula, Dorthe anatola mpeni. Mpando unakhuluka kumapeto kuja.

"Bweretsa kuno," anatero Jette. "Khosi limenelo ndi langa."

Anaulandira mpeniwo ndi dzanja lamanzere, pamaso pa onse, lamanja lili lende. Anaudutsitsa pakhosi pa mkazi wa kekeyo mokhotakhota, ndipo anthu onse, azimayi a imvi ndi mtsikana wa ndolo yemwe, anakuwa monga mwa mwambo. Jette anaika mutuwo m'mbale n'kuukankhira kwa Dorthe.

"Idya mutu wako. Wakula kale."

"Zikomo."

"Lachinayi ndikupita kuchipatala, akajambule phewali. Akuti pambuyo pake pali mafunso a penshoni ija unkanena, ndipo mwina akana. Undiperekeza, poti ndiwe lova tsopano."

Keld anatsokomola. "Lachinayi? Paja tinati tinyamuka Lachitatu."

"Portugal sathawa, Keld," anatero Jette.

"Mawu amenewo ndinawamvapo," anatero Keld, akuyang'ana mkazi wake.

Dorthe anachotsa switi limodzi pa tsitsi la kekeyo n'kuliponya m'kamwa.

"Tinyamuka Lachisanu," anatero. "Lachisanu lake lomweli, osati la chaka chamawa. Jette, vula jeketelo, ukuoneka ngati wabwera kudzatenga mtembo."

"Sindingathe ndekha," anatero Jette. "Ukuyesa ndakhala nalo chivalire chifukwa cha mkwiyo?"

Dorthe anaimirira, napita kumbuyo kwake, n'kuyamba ndi dzanja labwinolo, monga ankachitira ndi okalamba onse.